Fakitale ya m'ndende yodziyendetsa yokha: ndi sukulu kapena chibalo chovala ovolosi?

Kadzidzi: Akuluakulu muli maso? Ine tulo tandithawa ndiye ndabwera ndi nkhani. Ku America kuli kampani ya boma dzina lake UNICOR, antchito ake ndi akaidi, amasoka mayunifomu a asilikali, kukhoma mipando ya m'maofesi, kupanga matilesi ndi zingwe za magetsi, ndiye akuti imadziyendetsa yokha ndi ndalama zomwe yapeza pogulitsa katunduyo, siidikira bajeti yochokera ku misonkho. Mkaidi amalandira pakati pa masenti 23 ndi dola imodzi ndi masenti 15 pa ola. Mtima wanga wagawanika, mbali ina ikuti nzabwino munthu azituluka ndi luso m'manja, mbali ina ikuti aaa uku nkumudyera munthu masuku pamutu. Tandithandizeni.

Wowotcherera: Masenti 23 pa ola aise?? Ndiye ukagwira tsiku lonse olo madola awiri sakukwana kkkk. Ine ndodo imodzi ya weding'i sindingayatse.

Mayi a Mapasa: Musaseke achimwene. Mlongo wanga anaseweza zaka zinayi, ndipo chomwe ankadandaula tikapita kokamuona sichinali ntchito ayi, chinali kukhala. Kungokhala basi, dzuwa kutuluka mpaka kulowa ukuyang'ana khoma ndi nkhope zomwezomwezo, mikangano yake ya zinthu zopanda mutu. Atamuika ku makina osokera anasintha mpaka kayankhulidwe, ankatiuza za makolala ndi mazipi ngati nkhani ya mpira. Ndiye mukamati chibalo muzikumbukiranso kuti mkatimo anthu amachita kulimbirana malo amenewo.

Kadzidzi: Pepani mayi, sindimadziwa kuti zinakugwerani. Pano akusokabe?

Mayi a Mapasa: Akusoka, koma nkhani yake ndiifotokoza kenako, ana andivuta kaye.

Aphunzitsi Opuma: Ana inu nkhaniyi ndi yakalekale. Mu 1596 mzinda wa Amsterdam unatsegula nyumba yotchedwa Rasphuis, momwe anyamata ndi abambo olakwira malamulo ankapala mtengo wofiira wochokera ku Brazil mpaka usanduke ufa wopangira utoto wa nsalu. Chaka chotsatira anatsegulanso ya amayi, Spinhuis, yopota ulusi. Maganizo oyamba anali okoma, oti munthu aphunzire kugwira ntchito asiye kuba. Koma sipanatenge nthawi, nyumbayo inapatsidwa ufulu woti iyo yokha ndiyo izipala mtengowo, ndalama zinayamba kulowa, ndipo za kuphunzitsa zija zinatsalira m'mbuyo. Kupala mtengo tsiku lonse ndi luso lanji loti ukadyere panja? Ndiye funso lanu a Kadzidzi lili ndi zaka zoposa 400.

Wowotcherera: Madala akayamba mbiri timangokhala pansi basi kkkk

Akauntanti Wotopa: Ine ndilowe pa mawu oti kudziyendetsa yokha chifukwa anthu amawanena mopepuka. Tanthauzo lake ndi loti fakitaleyo igule yokha zipangizo, ikonze yokha makina, ilipire yokha akapitawo ndi amisiri ochokera kunja omwe amaphunzitsa akaidiwo, zonsezo kuchokera mu zomwe yagulitsa. Anthu amaganiza kuti poti malipiro ndi ochepa ndiye phindu ndi la mnanu, koma si choncho. Fakitale ya m'ndende ili ndi mabowo omwe fakitale ya kunja ilibe. Zida zonse, sikuludiraiva, lumo, sizasi, ziwerengedwe m'mawa ndi madzulo, imodzi ikasowa ntchito yaima mpaka ipezeke. Akaidi awerengedwe pakati pa tsiku. Kukabuka ndewu ku mbali ina ya ndende atseka onse m'maselo mwina sabata yathunthu, oda ya kasitomala ili pomwepo ikudikira. Lole yobweretsa matabwa iime pageti aisecha. Kuonjezera apo mabwana amakhala dala akufuna ntchito yodya manja ambiri mmalo mogula makina amodzi ogwira ntchito ya anthu 20, chifukwa cholinga nchoti akaidi ambiri apeze chochita. Mukaphatikiza zonsezi muona kuti zaka zina mafakitale amenewa amaluza, ndipo UNICOR yomweyo inatsekapo mafakitale ake angapo itaona kuti sizikuyenda.

Madala Kalipentala: A Akauntanti mwanena bwino koma mwasiya mbali yanga. Ine ndakhala ndikukhoma mipando zaka zoposa 30. Ndimalipira lendi ya shedi, magetsi, anyamata anga atatu, msonkho. Ndiye pabwere oda ya madesiki, ndipikisane ndi fakitale yoti shedi yake ndi ya boma, wantchito wake sangathawe, sangachite sitalaka, sangadwalitse mwana nkujomba. Ndiluza ndine, ndipo mnyamata wanga amene sanabepo olo singano ya munthu ndiye achotsedwe ntchito kuti wakuba aphunzire ukalipentala. Chilungamo chake chili pati pamenepa?

Loya Wamawa: Ankolo dandaulo lanu ndi lomwe linabala malamulo a nkhaniyi ku America. Eni mafakitale ndi mabungwe a antchito anakuwa chimodzimodzi, ndiye mu 1929 kunabwera Hawes-Cooper Act, kenako mu 1935 Ashurst-Sumners Act yomwe anailimbitsanso mu 1940, kuletsa katundu wopangidwa ndi akaidi kuwoloka malire a zigawo kukagulitsidwa pa msika wa aliyense. Nchifukwa chake Federal Prison Industries, yomwe inakhazikitsidwa mu 1934 nthawi ya pulezidenti Roosevelt ndipo inatenga dzina la malonda loti UNICOR mu 1977, kasitomala wake wamkulu ndi boma lomwelo. Nzeru yake inali yoti boma lizidzigulitsa lokha, msika wa anthu wamba usakhudzidwe. Zigawonso zinachita zomwezo, manambala a galimoto a ku California amadindidwa ku ndende ya Folsom, a ku New York ku ndende ya Auburn.

Madala Kalipentala: Iwe mwana wanga, boma si kasitomalanso? Oda ya boma ndiye yonona kuposa zonse. Akaitenga iwowo ine nditsala ndi ma stulu a anthu angongole.

Loya Wamawa: Zoona ankolo, ndipo makampani a mipando ndi a zovala ku America akhala akulimbana ndi zimenezo kwa zaka zambiri, makamaka lamulo loti maofesi a boma aziyamba kaye afunsa UNICOR asanakagule kwina. Lamulolo analifewetsa pang'onopang'ono kuyambira zaka za m'ma 2000, ndipo chiwerengero cha akaidi ogwira ntchito kumeneko chinatsika kuchoka pomwe chinafika, pafupifupi 23,000. Ndiye onani, mukamasula msika kuti kalipentala wa kunja apume, akaidi masauzande abwerera kukayang'ana khoma lija amanena Mayi a Mapasa.

Kadzidzi: Eish ndiye bulangete lake ndi lalifupi, ukafunda kumutu mapazi ali pamtunda

Wowotcherera: Koma ine funso langa ndi lina. Luso lake ndi lenileni? Chifukwa kudinda nambala ya galimoto, ukatuluka ukadinda kuti, poti ntchito yonseyo ili m'ndende momwemo? Ufuna ntchito yomwe unaphunzira, ubwerere kundende kkkk. Chimodzimodzi kusoka, mafakitale ambiri a zovala ku America anasamukira maiko ena kalekale, ndiye munthu wakhala zaka zisanu akusoka thumba la kumanzere la buluku la msilikali, thumba lomwelo tsiku ndi tsiku, atuluke akapeze kuti kunja kulibe amene akufuna zimenezo. Weding'i bola, kuyendetsa fokolifiti bola, kukonza makina bola, izi kulikonse ukalowa nazo.

Aphunzitsi Opuma: Mwafunsa zanzeru mwana wanga, koma musachepetse luso lina lomwe sililembedwa pa setifiketi. Ambiri olowa m'ndende sanagwirepo ntchito yolembedwa chibadwire. Kudzuka nthawi imodzimodzi, kumvera kapitawo wokulankhula mokalipa osamuponyera chibakera, kumaliza chomwe wayamba, kubweza chida pamalo pake, kuvomera kuti msoko wakhota uphwasule uyambirenso. Ndaphunzitsa ana zaka zambiri, ndikuuzeni, zimenezi nzovuta kuphunzitsa kuposa samu.

Wowotcherera: Apo sinditsutsa madala, anyamata ena ndimawabweza tsiku lachitatu osati chifukwa manja ndi oipa koma 9 koloko ndi pomwe akutulukira

Akauntanti Wotopa: Ndipo apa mpomwe ine ndimaikira kumbuyo mawu aja oti kudziyendetsa yokha, olo ndinayamba ndi mavuto ake. Kalasi ya ukalipentala yongophunzitsa, yodalira bajeti, mumakhoma kathebulo kamodzi, aphunzitsi akuombera m'manja olo kakugwedera, bajeti ikadulidwa matabwa atha kalasi yatsekedwa. Koma pomwe pali kasitomala weniweni amene abweze katundu akakhala woipa, pali tsiku loti oda ituluke, pali woyeza ndi tepi, pamenepo munthu amaphunzira ntchito ngati momwe ilili kunja. Kasitomala ndi mphunzitsi wankhanza koma sanama.

Loya Wamawa: Sanama akakhala maso bwana. Mukukumbukira za zipewa za nkhondo? Fakitale ya UNICOR ku ndende ya Beaumont ku Texas inkapanga zipewa zoteteza mutu za asilikali, lipoti la ofufuza a unduna wa zachilungamo la mu 2016 linapeza kuti zinali ndi zilema, mapepala oyendera katundu anali achinyengo, zipewa zoposa 126,000 zinaitanidwanso ndipo fakitaleyo inatsekedwa. Tangoganizani mkaidi amene amati akumuphunzitsa kukhala nzika yabwino akuona ndi maso ake mabwana akudutsitsa katundu woola. Waphunzira chani pamenepo?

Kadzidzi: Waphunzira kuti anangolakwitsa kuba opanda ofesi kkkkk

Admini: A Kadzidzi chonde, nkhaniyi ena ikuwakhudza.

Kadzidzi: Ndagwira mwendo wanu bwana Admini, ndasiya.

Mayi a Mapasa: Ndabwera, agona. Nkhani ya mlongo wanga ili chonchi. Atangolowa sanamutenge ku makina, anadikira chaka ndi miyezi. Omwe anali pa makina abwino anali a zaka zambirimbiri, ena oti sadzatulukanso, chifukwa kapitawo ankati amenewo ndiye akatswiri, sangawachotse oda ili pakhosi nkuikapo mwana wosadziwa olo kulowetsa ulusi. Iye anapeza malo munthu wina atasamutsidwa. Ndiye ine ndinkadzifunsa kuti kodi fakitaleyi akuphunzitsa ndani? Amene akutuluka mawa akungokhala, amene sadzatuluka ndiye akunoledwa luso tsiku ndi tsiku.

Akauntanti Wotopa: Mayi mwagunda pamtima penipeni pa nkhaniyi. M'mabuku a fakitale, wantchito wabwino kwambiri ndi wa moyo wonse, sachoka, sumuphunzitsa kawiri, saononga nsalu. Woipitsitsa ndi wa zaka ziwiri, umamuphunzitsa miyezi isanu ndi umodzi akuononga zipangizo, akangoyamba kubweza ndalama zako watuluka. Koma kwa ife anthu akunja amene tikakhale naye pa mzere umodzi, wa zaka ziwiriyo ndiye wofunika luso. Ndiye manijala akauzidwa kuti usaluze olo senti komanso uphunzitse otuluka, wapatsidwa mapanga awiri, ndipo mukudziwa chomwe mapanga awiri amachita.

Aphunzitsi Opuma: Amavumbwitsa.

Madala Kalipentala: Komatu musawatayenso a moyo wonsewo. Mu shedi iliyonse pamafunika mmisiri wokhazikika woti anyamata aziphunzira poona manja ake. Ine ndinaphunzira randa poyang'ana mkulu wina amene sankayankhula nkomwe. Mukadzaza fakitale ndi ophunzira okhaokha mutuluka nkhuni osati mipando. Ndipo munthu woti sadzaonanso kunja naye ndi munthu, mukamulanda chochita mwamuika m'manda ali moyo.

Mayi a Mapasa: Zoona bambo, amene anamuphunzitsa mlongo wanga kudula patani anali wa moyo wonse, mpaka lero amamutchula. Ine sindikuti awachotse, koma pakhale malire, malo ena azisungira amene atsala pang'ono kutuluka olo fakitale iluzepo kangachepe.

Wowotcherera: Nanga alipo anayezapo ngati zimathandizadi kapena tikungokambirana za m'mutu?

Loya Wamawa: Alipo. Ofufuza awiri a nthambi ya ndende ku America, Saylor ndi Gaes, anatsatira akaidi oposa 7,000 kwa zaka mpaka 12 atatuluka. Anapeza kuti omwe anagwira ntchito m'mafakitale a ndende mwayi wawo wobwereranso unali wotsika ndi 24 peresenti poyerekeza ndi anzawo ofanana nawo, ndipo ambiri mwa iwo anapeza ntchito. Nambala imeneyi UNICOR imaikonda kwambiri, paliponse imaitchula.

Akauntanti Wotopa: Nambalayo muziigwira ndi manja awiri. Amene amalowa mu fakitale si munthu wongotoledwa, ndi amene anadzipereka yekha, anadikira pa mndandanda osapalamula, ndipo kuti akwere pa malipiro apamwamba amafunika akhale ndi pepala la sekondale. Munthu wotereyo mwina akanasintha ndi kale olo popanda fakitale. Ofufuzawo anayesetsa kufananitsa anthu a mbiri zofanana, koma mtima wa munthu sungaufananitse pa kompyuta. Ine ndimakhulupirira kuti phindu lilipo, koma gawo lina la 24 ameneyo ndi la kusankha bwino anthu osati kusintha anthu.

Loya Wamawa: Olo itakhala theka lake bwana, kusunga munthu m'ndende chaka chathunthu ndi ndalama zambiri kuposa kumuphunzitsa makina.

Akauntanti Wotopa: Apo tagwirizana.

Kadzidzi: Tibwerere ku malipiro, mwandithawa. Masenti 23 aja mwawavomereza?

Aphunzitsi Opuma: Ine ayi, ndipo chifukwa chake ndi mbiri yomweyo. Malamulo a dziko la America atasinthidwa mu 1865 kuthetsa ukapolo, anasiya kakhomo koti kupatula ngati chilango kwa wopezeka wolakwa. Zigawo za kum'mwera zinalowera pa kakhomo komweko, kumanga anthu akuda pa milandu ya ziii nkumawabwereketsa kwa eni migodi ndi minda, anthu ankafa ngati ntchentche chifukwa wobwereka analibe nazo ntchito, akafa apatsidwa wina. Alabama inasiya zimenezi mu 1928. Mpaka lero ku Texas, Georgia ndi Arkansas akaidi ambiri amagwira ntchito osalandira kalikonse. Ndiye munthu wa kumeneko akamva zoti fakitale ya m'ndende, samva sukulu, amamva agogo ake. Colorado inatseka kakhomo kameneka m'malamulo ake mu 2018, koma ku California anthu anakana pa voti ya mu 2024.

Madala Kalipentala: Koma aphunzitsi, munthuyo akudya ulele, akugona ulele, madzi ndi magetsi ulele, anapalamula yekha. Timulipirenso ngati mnyamata wanga?

Mayi a Mapasa: Ulele wake uti bambo? Sopo tinkagula ndife, ndalama ya foni ndife, ana ake awiri anali pakhomo panga pamodzi ndi angawa. Chilango anapatsidwa ndi iye koma amene tinalipira ndi ife osalakwa. Akanamalandira kenakake kooneka bwenzi akutumiza olo ya makope a ana. Ndipo tsiku lotuluka anatuluka ndi kajumbo basi, luso lili m'manja koma makina alibe, mpamba alibe, paliponse akafunsira ntchito akangomva komwe anaphunzirira nkhope zimasintha. Anakhala miyezi isanu ndi itatu akungozungulira, ine mtima uli m'mwamba kuti abwerera ku zakale. Makina ake oyamba tinachita kusonkherana pachibale.

Madala Kalipentala: Mmm. Apo mwandigwira pakamwa mayi.

Loya Wamawa: Ndipo ankolo mukaganiza bwino, malipiro abwino a mkaidi amateteza inuyo. Chomwe chimakupwetekani pa mpikisano ndi kutchipa kwa manja ake. America yomweyo ili ndi pulogalamu ina ya mu 1979, amaitcha PIECP, yolola kampani ya kunja kugwira ntchito ndi akaidi nkugulitsa katundu pa msika wa aliyense, koma pokhapokha ilipire malipiro ofanana ndi a ntchito yomweyo m'deralo, mkaidi alowe mwa kufuna kwake, ndipo antchito a kunja asachotsedwe chifukwa cha zimenezo. Pa malipirowo amadulapo msonkho, chakudya ndi pogona, thandizo la banja ndi thumba lopepesera olakwiridwa, zonse pamodzi zisapitirire 80 peresenti. Mabuluku a jinzi a Prison Blues omwe amasokedwa ku ndende ya ku Pendleton, Oregon kuyambira 1989 ndi chitsanzo chodziwika. Vuto lake ndi loti malo oterewa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi akaidi onse.

Wowotcherera: 80 peresenti?! Ndiye akupatsa ndi dzanja lamanja nkulanda ndi lamanzere kkk

Loya Wamawa: Komabe chotsalacho chimaposa masenti 23 aise, ndipo munthu amaona pa pepala kuti ndalama yanga iyi yapita kwa ana anga, iyi kwa amene ndinamulakwira. Ku UNICOR nakonso amene ali ndi ngongole ya khoti amadulidwa theka la malipiro ake.

Akauntanti Wotopa: Koma dziwani kuti mukakweza malipiro kufika a kunja, ndi mabowo aja ndinatchula, mafakitale ambiri a m'ndende sangadziyendetse okha, agwa chaka chomwecho. Ndiye tisanamizane. Kudziyendetsa kumene amanyadirako, mbali yaikulu amene akukulipirira ndi mkaidi ndi malipiro ake ochepawo. Wina ayenera kulipira basi, kaya mkaidi, kaya okhoma msonkho, kaya kalipentala wa kunja.

Aphunzitsi Opuma: Ku Italy anasankha kuti alipire ndi boma, koma mwanzeru. Lamulo la mu 2000 lomwe amalitcha la Smuraglia limachepetsera msonkho makampani ndi makopaletivi olemba ntchito akaidi. Ku ndende ya Due Palazzi mu mzinda wa Padova muli bekale ya Giotto kuyambira 2005, akaidi amaphika keke ya Khirisimasi yotchedwa panettone yomwe anthu amaigula chifukwa cha kukoma osati chifundo, ndipo ophikawo amalembedwa ntchito ndi kontirakiti ngati wantchito wina aliyense. Luso la uvuni ukatuluka nalo umalipeza pa msewu uliwonse.

Kadzidzi: Usiku uno mukutiuza za keke madala, tichitireni chifundo

Loya Wamawa: Kkkk. Ku Germany nkhani ya malipiro inafika mpaka ku khoti lalikulu la malamulo a dziko ku Karlsruhe. Pa 20 June 2023 linagamula kuti malamulo a malipiro a akaidi ku Bavaria ndi North Rhine-Westphalia, komwe ankalandira pakati pa mayuro 1.37 ndi 2.30 pa ola, akusemphana ndi malamulo a dziko. Mfundo ya oweruza inandigwira mtima, ankati ngati boma likunena kuti ntchito ndi njira yokonzera munthu, ndiye malipirowo amuonetse kuti kugwira ntchito kuli ndi phindu. Ukamulipira zonyozeka ukumuphunzitsa zosiyana ndi zomwe ukufuna, ukumuuza kuti thukuta silipindula, bola njira zachidule zija. Canada nako kuli CORCAN, nthambi ya boma yoyendetsa mafakitale a m'ndende, malipiro apamwamba a mkaidi ndi madola 6.90 pa tsiku, mtengo womwe unaikidwa mu 1981, ndipo mu 2013 anayambanso kudulapo 30 peresenti.

Wowotcherera: 1981 ine ndisanabadwe, mtengo osasuntha mpaka pano, koma ndiye ayi

Admini: A Loya, pa dziko lonse palibe lamulo lomwe limanenapo za izi? Tikungodumpha dziko ndi dziko.

Loya Wamawa: Lilipo bwana Admini. Pangano la ILO, bungwe la dziko lonse loona za ntchito, la mu 1930 loletsa ntchito yokakamiza silimawerengera ntchito ya mkaidi woweruzidwa ndi khoti, bola aziyang'aniridwa ndi boma ndipo asaperekedwe m'manja mwa munthu kapena kampani kuti izimugwiritsa ntchito. Kenako pali malamulo a United Nations a kasungidwe ka akaidi omwe anawakonzanso mu 2015 nkuwatcha dzina la Nelson Mandela. Amenewo amati ntchito isakhale yozunza, imuthandize munthu kudzadzidyetsa mwachilungamo akatuluka, malipiro akhale oyenera, gawo lina agwiritse yekha, lina atumize kwa banja, lina amusungire adzalandire tsiku lotuluka. Ndipo pali ndime yonena ndendende zomwe takhala tikukangana pano, yoti ubwino wa mkaidi ndi maphunziro ake zisaponderezedwe ndi kufuna phindu la ndalama. Kungoti malamulo a Mandela sakakamiza dziko, ndi muyezo chabe.

Mayi a Mapasa: Gawo losungira tsiku lotuluka limenelo ndi lomwe likanagula makina a mlongo wanga. Miyezi isanu ndi itatu ija sikanakhalapo.

Akauntanti Wotopa: Ine ndikanakhala wowerengera mabuku a fakitale yotere, sindikanayamba ndi kufunsa kuti mwagulitsa zingati. Ndikanafunsa kuti mwa omwe anatuluka chaka chatha ndi angati ali pa ntchito lero, ndipo ntchito yake ikugwirizana ndi zomwe munawaphunzitsa? Setifiketi yomwe mumapereka ndi yomweyo amalandira wa ku koleji ya ntchito zamanja kapena ndi kapepala kokhala ndi chidindo cha ndende pamwamba? Singapore inaziona msanga izi, bungwe lawo la SCORE la mu 1976, lomwe pano likutchedwa Yellow Ribbon Singapore, limayendetsa malo ochapira ndi ophikira buledi m'ndende komanso limasakira anthu mabwana owalemba ntchito asanatuluke nkomwe. Ku Britain kampani ya Timpson yodula makiyi ndi kukonza nsapato imaphunzitsa anthu ali m'ndende nkuwalemba akatuluka, pafupifupi mmodzi mwa antchito ake 10 aliwonse anadutsa m'ndende, ndipo amene anali bwana wake, James Timpson, anasankhidwa kukhala nduna yoona za ndende mu July 2024.

Kadzidzi: Wakuba kumupatsa ntchito yodula makiyi, anthu amenewo mtima ali nawo kkkk. Pepani Admini, yatuluka yokha.

Wowotcherera: Ndiye tifunse mafunso olunjika. Madala Kalipentala, mawa kubwere mnyamata pa shedi panu, manja ake abwino, majointi ake ogwira, akuuzeni yekha kuti ndinaphunzirira kundende. Mumulemba?

Madala Kalipentala: Iwe usandiike pa kona pagulu.

Wowotcherera: Yankhani ankolo, gulu lonse likuwerenga

Madala Kalipentala: Ndimupatsa thabwa ndi chizulo andidulire jointi ndione. Ikagwira popanda guluu ayambe Lolemba. Koma kiyi wa shedi ndisunga ndekha chaka choyamba, ndipo za madesiki a boma aja sindinasinthe maganizo, oda imeneyo izigawidwa.

Mayi a Mapasa: Chaka chonse bambo? Mlongo wanga anamupatsa kiyi patatha miyezi itatu.

Madala Kalipentala: Ameneyo ndi telala mayi, makina osokera ndi olemera kuthawa nawo. Zanga ndi zida zolowa m'thumba. Chabwino, miyezi isanu ndi umodzi. Tsopano ndisiyeni ndigone, mawa ndili ndi zitseko zinayi zoti ndipale.